Momwe mungaphunzitsire goloboyi wachichepere ku Johannesburg potengera njira ya Alisson Becker

M'matimu ambiri a ana a Amalawi amene amakumana Loweruka ndi Lamlungu m'mabwalo a ku Rosettenville, Turffontein kapena Cosmo City, mwana amene amaikidwa pagolo ndi uja watsala anzake onse atasankhidwa kale, ndipo mphunzitsi amamukumbukira pokhapokha chigoli chikalowa. Malangizo awa ndi a makolo ndi aphunzitsi odzipereka amene ali ndi mwana wofunadi kukhala goloboyi. Ndawatenga pa ntchito ya Alisson Becker wa ku Brazil, chifukwa njira imene iye anadutsa ikuonetsa bwino chimene chiyenera kuyamba ndi chimene chiyenera kudikira.

Alisson anabadwa pa 2 Okutobala 1992 ku Novo Hamburgo, kummwera kwa Brazil, ndipo analowa m'gulu la ana la timu ya Internacional ya ku Porto Alegre mu 2002. Masewero ake oyamba m'timu yaikulu anasewera mu 2013, kutanthauza kuti anakhala zaka zoposa 10 akuphunzira asanaoneke pamaso pa anthu. Mkulu wake Muriel nayenso anali goloboyi ku timu yomweyo, choncho mnyamatayu anakula ali ndi munthu womuonera komanso womuponyera mpira. Chinthu choyamba chimene mwana wanu akusowa ndi munthu woteroyo. Pa tsiku lililonse la zokonzekera mupatuleni kwa mphindi 15 kapena 20 pamodzi ndi wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kumuponyera mpira ndi kumukonza, anzake asanayambe kumuwombera. Kuika mwana pagolo kuti anyamata 10 azimumenyera mipira motsatizana kumathandiza omwetsa zigoli okha, pamene iye amangophunzirapo mantha.

Yambani ndi kaimidwe, ndipo musachokepo msanga ngakhale mwanayo atatopa nako. Miyendo itanuke molingana ndi mapewa, mawondo apindike pang'ono, thupi litsamire kutsogolo kwa mapazi osati ku zidendene, ndipo manja akhale kutsogolo cha m'chiuno, zikhatho zitatseguka. Akatha kuima, aphunzire malo oimapo. Njira yosavuta ndi kumanga chingwe pa mtengo uliwonse wa golo, kenako n'kukumanitsa nsonga ziwirizo pamene pali mpira. Mwana aime pakati pa zingwezo, ndipo adzaona ndi maso ake kuti akasendera kutsogolo zingwe zimamuyandikira mpaka angathe kuzikhudza zonse ndi manja, pamene akabwerera pa mzere zimamutalikira. Sunthani mpirawo kumanja, kumanzere ndi pakati, iye azisintha malo ndi timasitepe tating'ono popanda kupingasa miyendo. Lamulo lotsatira ndi lakuti aime nji pa nthawi imene womenya wakweza mwendo, chifukwa munthu amene akadali kuyenda sangadumphe mbali imene mpira wapita.

Kuti mwana amvetse phindu la zimenezi, muonetseni masewero a Liverpool ndi Napoli a mu Disembala 2018. M'mphindi zotsiriza, Liverpool ikutsogola 1-0, mpira unagwera Arkadiusz Milik pafupi kwambiri ndi golo. Alisson, ali pagolo la Liverpool, anatuluka msanga, anatambasula thupi lonse, ndipo mpirawo unangomumenya. Chikhala kuti chigolicho chinalowa, Liverpool ikanatuluka mu Champions League, koma inapitirira mpaka kutenga chikhocho mu 2019. Anthu ena ananena kuti unali mwayi chabe popeza mpira unalunjika pa iye, koma ine ndimati mpira umalunjika kawirikawiri pa goloboyi amene waima pamalo oyenera, ndipo mwana ayenera kumva zimenezi adakali wamng'ono asanazolowere kudumpha kongofuna kuti owonera akuwe.

Kugwira mpira kuphunzitsidwe ndi manja awiri nthawi zonse. Mpira wofika pankhope kapena pamwamba pake auwakhe zala zazikulu zitayandikana kumbuyo kwake, wofika pamimba aufungatire, ndipo woyenda pansi autole thupi lili kumbuyo kwa manja kuti ukapulumuka usadutse. Pa mipira ya m'mwamba, mzinda uno uli ndi vuto lakelake. Johannesburg ali pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yaikulu, mpweya ndi wopepuka, choncho mpira umathamanga ndi kupita patali kuposa momwe mwana wochokera ku Nkhotakota kapena ku Mangochi anazolowera. Pa kona ndi pa mipira yochokera m'mbali, mwana ayambe waima kaye n'kuuyang'ana, chifukwa kuthamangira kutsogolo ndi kosavuta pamene kubwerera chammbuyo mpira utamupitirira ndi kovuta. Akaganiza zotuluka, akuwe mokweza ndiponso msanga kuti otchinga kumbuyo amupatse njira. Amene munali kuno pa World Cup ya 2010 mukukumbukira kuti Brazil inapambana masewero ake ku Ellis Park ndi ku Soccer City, koma inatulutsidwa ndi Netherlands ku Port Elizabeth, 2-1, ndipo chigoli choyamba cha Netherlands chinalowa pamene goloboyi wa Brazil Júlio César ndi mnzake Felipe Melo analimbirana mpira umodzi wa m'mwamba. Júlio César anali atangotenga Champions League ndi Inter chaka chomwecho, choncho vuto limeneli silisankha msinkhu.

Kudumpha kubwere pambuyo pa zonsezi. Mwana ayambe atakhala pansi, kenako atagwada, kenako atanjuta, ndipo pokhapokha akazolowera kugwera m'mbali mwa thupi, osati pamimba kapena pa chigongono, ndi pamene angadumphe ataimirira. Mu Juni ndi Julayi udzu wa kuno umauma ndipo nthaka imalimba ngati dwale, choncho muvekeni buluku lalitali ndi malaya a manja aatali, ndipo muyendere malowo kaye kuchotsa miyala ndi magalasi osweka. M'nyengo ya mvula, mabingu akayamba masana, ana onse achoke m'bwalo nthawi yomweyo, pakuti ziphaliwali za m'chigawo chino zimapha anthu.

Miyendo ndi theka la ntchito ya goloboyi wa masiku ano. Kuyambira mu 1992 saloledwa kugwira ndi manja mpira umene mnzake wamubwezera dala ndi phazi, ndipo kuyambira mu 2019 mpira woyambira pagolo ungathe kupatsidwa kwa mnzake amene ali m'bokosi momwemo. Ederson, amene kwa zaka zambiri wakhala akupikisana ndi Alisson pa malo a pagolo la Brazil, anayamba ngati wotchinga kumbuyo chakumanzere ndipo anasewera futsal (mpira wa anthu asanu mbali iliyonse pabwalo laling'ono) ali mwana, n'chifukwa chake mpira umamumvera kumapazi. Lolani mwana wanu asewere mkati theka la nthawi kufikira zaka 12 kapena 13, ndipo pokonzekera azikhala nawo m'bwalo laling'ono la kupatsirana, akugwiritsa ntchito miyendo yonse iwiri. Aphunzire kuyang'ana kumene anzake ali mpira usanamufike. Mu Januwale 2020, pamasewero a Liverpool ndi Manchester United, Alisson anagwira mpira, anaona Mohamed Salah ali yekha, ndipo anaumenya kamodzi kokha n'kumupeza, Salah n'kumwetsa chigoli chachiwiri. Ana a kuno ali ndi chitsanzo chapafupi mwa Itumeleng Khune, amene ku Kaizer Chiefs ankadziwika ndi mpira womenyera m'mbali woyenda motsika ndi molunjika. Dziwaninso kuti malamulo a 2025/26 amalola goloboyi kusunga mpira m'manja kwa masekondi 8 okha, ndipo akapitirira oyimbira amapereka kona kwa timu inayo.

Za mapenate sindinena zambiri, ngakhale ana amazikonda akamva za Taffarel wa ku Brazil, amene anagwira penate ya Daniele Massaro m'ndime yotsiriza ya World Cup ya 1994, kapena Ronwen Williams wa South Africa amene anagwira anayi pokumana ndi Cape Verde mu Febuluwale 2024. Mwana adziwe kuti phazi limodzi liyenera kukhala pa mzere mpira ukamamenyedwa, ndipo asadumphe msanga, chifukwa ana anzake ambiri amamenya pafupi ndi pakati.

Kulakwitsa kudzabwera, ndipo zimene akuluakulu amachita tsiku limenelo ndi zimene zimasunga kapena kuthamangitsa goloboyi. Mu Seputembala 2018, atangosewera masewero ochepa ku England, Alisson anayesa kuzembetsa Kelechi Iheanacho wa Leicester pafupi ndi golo lake, analandidwa mpira, ndipo Rachid Ghezzal anagoletsa. Mphunzitsi wake Jürgen Klopp sanamuchotse, ndipo pomatha nyengo imeneyo Alisson analandira mphoto ya goloboyi amene anamaliza masewero ambiri a ligi osagoletsedwa. Brazil yomweyo ili ndi mbiri ina yomvetsa chisoni ya goloboyi Moacir Barbosa, amene anthu anamuloza chala moyo wake wonse chifukwa cha chigoli cha Uruguay pa bwalo la Maracanã pa World Cup ya 1950. Mwana akalakwitsa, musamukalipire ali pagolo, ndipo bambo kapena amalume asayambitse nkhaniyo m'takisi pobwerera kunyumba. Dikirani tsiku lotsatira la zokonzekera, mufunseni chimene anaona, kenako bwerezani mpira womwewo kangapo mpaka aupeze.

Pagolo pamalowa munthu mmodzi yekha, choncho kukhala pabenchi ndi gawo la ntchitoyi. Ku Internacional Alisson analimbirana malo ndi mkulu wake komanso ndi Dida, amene anatchuka ku AC Milan. Atapita ku Roma mu 2016, nyengo yonse yoyamba masewero a ligi ankawaonera pabenchi, Wojciech Szczęsny ali pagolo, iye n'kumasewera m'zikho zokha. Nyengo yotsatira anatenga malowo, Roma inafika m'ndime ya matimu anayi otsiriza a Champions League, ndipo mu Julayi 2018 Liverpool inamugula pa mapaundi pafupifupi 67 miliyoni, ndalama imene pa nthawiyo inali isanaperekedwepo pa goloboyi. Komabe kudikira kuli ndi malire. Alisson ankadikira akuphunzitsidwa tsiku ndi tsiku ndi akatswiri, pamene mwana wa zaka 14 amene sakusewera komanso palibe womuphunzitsa akungotaya nthawi, ndipo ndi bwino kumusamutsira ku timu yaing'ono kumene azisewera sabata iliyonse.

Magolovesi odula si ofunika poyamba. Gulani otsika mtengo okwana bwino, muziwachapa ndi madzi ofunda opanda sopo wamphamvu, ndipo muziwayanika pamthunzi chifukwa dzuwa limaumitsa mphira wa m'zikhatho. Chofunika kwambiri ndi mapepala. Kuti mwana asewere m'ligi yodziwika ayenera kulembetsedwa kudzera ku timu imene ili pansi pa Local Football Association ya dera lanu, yomwe ili pansi pa SAFA, bungwe loyendetsa mpira muno mu South Africa, ndipo kumeneko adzafuna chikalata cha kubadwa ndi mapepala ena osonyeza kuti mwanayo ndi ndani. Malamulo a FIFA amaletsa kusamutsa osewera osakwana zaka 18 kuchoka dziko lina kupita lina, ndipo amakhudzanso mwana wa dziko lina amene akulembetsedwa koyamba, ngakhale amalola pamene makolo anasamuka pa zifukwa zosakhudzana ndi mpira. Sungani bwino pasipoti ya mwana, mapepala a sukulu ndi zikalata zanu zokhalira m'dziko muno, ndipo funsani mlembi wa timu msanga nyengo isanayambe. Munthu aliyense wofuna ndalama kuti akayesetse mwana wanu ku timu ya ku Ulaya asanakwane zaka 18 mumufunse kalata yochokera ku timuyo, ndipo muitsimikize nokha ku ofesi ya SAFA musanapereke kalikonse.