Backup ikatupa mutaisamutsira ku object storage

Anzanga oyang'anira maseva, musanasamutse backup kupita ku object storage, malo osungirako deta pa intaneti monga Amazon S3, Backblaze B2 kapena Wasabi, dziwani kuti kukula komwe mukuona pa disiki yanu mwina si komwe mudzalipire. Ambiri amazindikira bilu itafika kale, ndipo biluyo imabwera m'madola.

Choyamba kuyang'ana ndi ma hard link. Mapulogalamu monga rsnapshot, kapena rsync yokhala ndi --link-dest, salembanso fayilo yomwe sinasinthe. Amangoipatsa dzina lina lolozera pa deta yomweyo, ndipo dzinalo ndiye hard link. Mukasunga ma backup 30, inu mumaona mafoda 30, iliyonse ngati yodzaza, pamene chimanga chili m'nkhokwe imodzi yokha. Object storage sadziwa hard link. Mukakopera mafoda aja ndi rclone kapena aws s3 sync, fayilo iliyonse imakwera ka 30. Tiyerekeze kuti deta yanu ndi 200 GB: pa disiki inkatenga pang'ono kupitirira apo, koma mu bucket, malo anu osungiramo ku object storage, ikafika pafupifupi 6 TB. Kuyeza kwake n'kosavuta. Lembani du -sh pa foda yaikulu, kenako du -shl, yomwe imawerenga hard link iliyonse payokha. Nambala yachiwiriyo ndiyo ikukudikirani.

Ine ndimalangiza kuti mafoda oterewa musawakopere n'komwe. Yambani backup yatsopano ndi pulogalamu ngati restic kapena Kopia, yomwe imadula deta m'tizidutswa n'kutumiza kachidutswa kalikonse kamodzi kokha. Koma pa restic kumbukirani kuti lamulo la forget limangochotsa dzina la backup yakale. Malo amamasuka mukayendetsa prune.

Chachiwiri chimapweteka chifukwa sichioneka: versioning, kusunga mitundu yakale ya fayilo ikasinthidwa kapena kufufutidwa. Ikakhala yoyatsidwa pa S3, fayilo yomwe mwafufuta siichoka. Pamangoikidwa chizindikiro chotchedwa delete marker, pamene yakaleyo ili pansi ikudya ndalama. Yomwe mwalemba pamwamba pa inzake nayonso imasiya mnzakeyo ali moyo. Ku B2 bucket yatsopano imayamba ikusunga mitundu yonse ya fayilo mpaka inu mutasintha. Pulogalamu yanu idzakuuzani kuti yachotsa zakale, sikunama ayi, koma bucket ikungonenepa. Versioning musaizimitse, imateteza wina akafufuta molakwitsa kapena ransomware, pulogalamu ya akuba yotseka mafayilo kuti mulipire, ikalowa. Ingoikani pa bucket lifecycle rule, lamulo loyenda lokha, yochotsa mitundu yakale pakatha masiku omwe mwagwirizana, mwina 30. Ngati mukugwiritsa ntchito Object Lock, yomwe imaletsa kufufuta fayilo kwa masiku omwe mwaika, sankhani masikuwo mosamala kwambiri, poti mu compliance mode ngakhale mwini akaunti sangafufute nthawi isanakwane.

Kwa ife amene magetsi ndi intaneti zimadukaduka palinso china. Fayilo yaikulu imatumizidwa m'magawo, ndipo netiweki ikaduka pakati, magawo omwe anafika amatsalira. Pa mndandanda wa mafayilo saoneka, koma pa S3 amalipiridwa. Ikani lamulo la AbortIncompleteMultipartUpload kuti azichotsedwa pakatha masiku 7.

Magulu osungira otsika mtengo a S3 nawo ali ndi malamulo ake. S3 Standard-IA imawerengera fayilo iliyonse yochepera 128 KB ngati ya 128 KB, ndipo mumalipira masiku osachepera 30. Glacier Flexible Retrieval ndi masiku 90, Deep Archive 180. Backup yomwe imasinthana sabata iliyonse musaiike kumeneko, mudzalipira deta yomwe munafufuta kale.

Yambani ndi seva imodzi. Iyende milungu iwiri kapena itatu, tsiku lililonse muzilemba kukula komwe pulogalamu ya backup ikunena pambali pa komwe kampani ikukuwerengerani. Manambala awiriwa akayamba kutalikirana, fufuzani chifukwa musanawonjezere seva ina. Disiki yakale ija ikhale ilipo mpaka mutayesa kubweza mafayilo kuchokera mu bucket n'kuona kuti akutseguka.