Zotayidwa ndi zida za ana, koma muzisankhe kaye

Makolo ndi aphunzitsi a ana aang'ono, musathamangire kudzala ndi makatoni otha ntchito, zitsekero za mabotolo, tizidutswa ta nsalu, ulusi ndi nyuzipepala zakale. Mwana amapangira zimenezi galimoto, chidole kapena nyumba. Ntchito yanu yaikulu ndi kusankha zoti zifike m'manja mwake.

Tiyambe ndi zoletsedwa. Chigubu kapena botolo lomwe munali mankhwala ophera tizilombo, petulo kapena mankhwala otsukira m'nyumba musalipereke kwa mwana, ngakhale mutalitsuka kangati. Timabatire tozungulira ngati batani, tija ta m'mawotchi, ndi toopsa koposa: mwana akameza kamodzi, kamatha kumuotcha kummero pasanathe maola 2. Magalasi osweka, malezala ndi majumbo opyapyala, omwe amatseka mpweya akaphimba nkhope, nazonso zikhale kutali.

Mwana wosakwana zaka 3 amayesa chilichonse ndi pakamwa. Tengani kachubu ka katoni kotsala pepala la kuchimbudzi likatha. Kanthu kalikonse kodutsa m'kachubuko kangathe kumutsamwitsa, choncho zitsekero, mabatani ndi mikanda zisiyireni okulirapo.

Zomwe mwasankhazo tsukani ndi sopo ndipo ziume bwinobwino padzuwa. Katoni ya chinyontho imachita nkhungu. Zitini muzipinde m'mphepete mwakuthwamo ndi pulayala, kapena mumatemo tepi. Kuboola ndi msomali ndi kudula ndi mpeni chitani ndinu, mwana aziona. Kenako sungani zonse m'bokosi limodzi, pamalo poti angafikire yekha osachita kupempha.

Mapepala akale ndiye sasowa ntchito. Ang'ambeni tizidutswa, muviike mu guluu wosungunula ndi madzi, mwana azimata pa botolo lapulasitiki. Akamata kuzungulira botolo lonse adikire paume, kenako amatenso pamwamba pake, katatu kapena kanayi. Ambiri amalakwitsa pamenepa chifukwa cha phuma: kunja kumaoneka kouma, m'kati muli nyowe, ndipo pakapita masiku chinthucho chimayamba kununkha.

Chomwe chimativuta ife akulu ndi kugwira manja athu. Mwana akaika mawilo atatu pa galimoto yake, musamulande n'kuyamba kukonza. Mufunseni kuti iyenda bwanji, aikankhe aone yekha. Ikapendekeka n'kugwa, muikireni pafupi chitsekero china, inu mukhale chete.