Kaluke chipewa cha brioche ndi wulu wosakaniza ndi mohair

Zofunika: wulu wopyapyala magalamu 100, mohair (ulusi wa ubweya wa mbuzi za angora) magalamu 50, singano yozungulira ya 3.5mm yotalika masentimita 40, singano zosongoka mbali zonse zomalizira pamwamba, ndi kachizindikiro koika pa singano posonyeza poyambira mzere. Brioche, kalukidwe kochindikala ka mizeremizere, imadya ulusi wambiri, choncho musagule wochepa.

1. Gwirani wulu ndi mohair pamodzi ngati ulusi umodzi. Lukani kachidutswa koyesera, chifukwa brioche imatamuka kwambiri.
2. Ikani masitichi ogawika pawiri, monga 80, osamangitsa. Lumikizani mozungulira, muike chizindikiro.
3. Mzere woyala maziko: lukani sitichi imodzi ya knit (sitichi wamba, yolukidwa ulusi uli kumbuyo), yotsatira ingoisamutsani osailuka, ulusi uli kutsogolo, kenako muudutsitse pamwamba pa singano (sl1yo). Bwerezani mpaka kumapeto.
4. Mzere wotsatira: sl1yo, kenako sitichi yokhala ndi ulusi pamwamba muiluke purl (kuluka ulusi uli kutsogolo) pamodzi ndi ulusiwo (brp). Bwerezani mpaka kumapeto.
5. Mzere winawo: sitichi ya ulusi pamwamba muiluke knit pamodzi ndi ulusiwo (brk), yotsatira sl1yo. Bwerezani mpaka kumapeto. Sinthanitsani mizere ya pa 4 ndi 5 mpaka masentimita pafupifupi 20.

Ambiri amalakwitsa apa. Sitichi ndi ulusi wake wapamwamba ndi chinthu chimodzi, musaziwerenge pawiri, ndipo pa chizindikiro ulusiwo umapulumuka mosavuta. Mohair amakolana, kumasula n'kovuta zedi, ndiye pakapita mizere ingapo pisani ulusi wosalala m'masitichi onse kuti mukhale ndi pobwerera.

6. Pamwamba, chepetsani masitichi awiriawiri nthawi imodzi kuti mizere isasokonekere.
7. Masitichi akatsala ochepa, dulani ulusi, muupise m'masitichiwo, kokani.
8. Chapani m'madzi ozizira osafinya, muyanike chogoneka.