Momwe mungazoloweretsere mwana kumva Chingerezi asanalowe Fomu 1

Mayeso a PSLCE akangotha, ana a Sitandade 8 kuno ku Salima amabalalika. Ena amakathandiza kumweta mpunga ku Lifuwu, ena amakagonera pagombe ku Senga Bay kuyanika usipa, ena amangozungulira pa Kamuzu Road. Kufikira bungwe la MANEB litulutse zotsatira ndi sukulu kutsegulira mu Seputembala, pamadutsa miyezi itatu ndi kuposera mwana asanamve chiganizo cha Chingerezi ngakhale chimodzi. Kenako amalowa m'kalasi momwe phunziro lililonse, kupatula Chichewa, likuphunzitsidwa m'Chingerezi: Biology, Physics, Chemistry, Geography, History, zonse.

Mayeso a Chingerezi a Sitandade 8 ndi a papepala. Mwana akhoza kukhoza bwino ndithu pomwe khutu lake silinaphunzire kanthu. Kupulayimale aphunzitsi akaona nkhope zauma amabwereza m'Chichewa, ndipo mwana amazolowera kudikira kubwerezako. Kusekondale ena amamasulira, ena ayi, ndipo manotsi amawerengedwa pakamwa mwana nkumalemba. Ine ndinayesa kuzoloweretsa mwana wa mlongo wanga pamodzi ndi anzake anayi kumva Chingerezi, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndipo ndikulembereni momwe zinayendera.

Zofunika sizambiri. Foni yoti imajambula mawu, ngakhale ya mabatani ija, memory card, kasipika ka Bluetooth ngati ana apitirira awiri, kope lililonse lotsala ndi masamba, ndi buku limodzi la Fomu 1 lobwereka kwa mwana wa Fomu 2. Pa memory card samalani. Ine ndinagula yolembedwa 32GB kwa mnyamata wina woyenda nazo m'manja pa depoti, mtengo wake wokoma kwambiri, ndipo patapita masiku atatu zonse zomwe ndinaikamo zinakana kutseguka. Gulani m'sitolo yoti mawa mukaipezanso pomwepo, ndipo muiyesere pamaso pa wogulitsayo. Musavutike ndi yaikulu. Mawu okha sadya malo, mphindi imodzi imatenga pafupifupi MB imodzi, choncho ya 4GB kapena 8GB ikukwanirani mpaka mwana alowe sukulu.

Yambani ndi kuyeza khutu. Musamufunse mwana kuti "umamva Chingerezi?" chifukwa aliyense amayankha kuti eya. Mupatseni kope ndi cholembera, inu muime kumbuyo kwake kuti asaone milomo yanu, ndipo munene kamodzi kokha, mwa liwiro la masiku onse: "Draw a margin, write today's date at the top right corner and underline it." Mukatero yang'anani manja ake. Mwa ana anga asanu, mmodzi yekha ndiye anachita zonse zitatu. Awiri analemba deti nkuima, ndipo enawo anasuzumira kope la mnzawo. Konzani malamulo a m'kalasi ngati amenewa okwana khumi: "turn to page forty-two", "work in pairs", "skip a line", "hand in your books". Awa ndi mawu omwe adzawamva sabata yoyamba yomwe, ndipo mwana amene wawaphonya amayamba kuoneka ngati wamwano kapena wogona pomwe sanamve chabe.

Tsopano pa kusankha zomvera, apa ndi pomwe ine ndinagwa, ndiye ndichedwapo.

Ndinkaganiza kuti Chingerezi chenicheni ndi cha eni ake. Ndinagula bandulo, nkukopera pa intaneti nkhani za wailesi zakunja zokwana 20, azungu okhaokha akucheza. Madzulo aliwonse ndinkaika sipika pampando, ana nkukhala pamphasa, ine nkuyatsa. Ikatha ndinkafunsa, "Mwamva?" Onse pamodzi: "Eee, amalume." Ndinkakondwa. Poona kuti penapake pathina, ndinkaimitsa chiganizo chilichonse nkumasulira m'Chichewa, ndipo ana ankagwedeza mitu. Tinatero masabata awiri athunthu.

Tsiku lina mphepo ya mwera itavuta tinalowa m'nyumba, ndipo ndinangoti ndifunse funso laling'ono ndisanamasulire kanthu: "Anthu akulankhula umu ndi angati?" Wina anati mmodzi, wina anati anayi. Anali awiri. Ndinafunsa kuti akukamba za chiyani, onse anaweramira pansi. Mwana wa mlongo wanga ndiye analimba mtima. "Amalume, ife timangodikira inuyo. Awo amalankhula cha m'mphuno, mawu onse amagwirana, sitidziwa poyambira." Sabata yomweyo ana awiri anasiya kubwera. Nditakumana ndi mayi a mmodzi mwa iwo pamjigo, anandiuza kuti mwanayo akuti kusekondale sakapitako chifukwa iye ndi mbuli. Mawu amenewo anandipweteka, chifukwa amene anamuika maganizo amenewo ndinali ine.

Ndinalakwitsa pawiri. Koyamba, ndinawapatsa zinthu zitatu zachilendo nthawi imodzi: kalankhulidwe kachilendo, liwiro lachilendo, ndi nkhani zachilendo za masitima apansi pa nthaka ndi chisanu cha kwawoko. Kachiwiri, pomasulira chiganizo chilichonse ndinkangopitiriza chizolowezi chakupulayimale chija chodikira Chichewa. Khutu silinkagwira ntchito, linkapuma mpaka ine nditsegule pakamwa.

Ndiye inu yambani ndi mawu a munthu wa kwathu konkuno, pa nkhani yoti mwana akuidziwa kale. Mphunzitsi amene akamupeze kusekondale ndi Mmalawi, ndipo Chingerezi chake ndi chomwe mwana ayenera kuyamba kuchimva. Ine ndinalemba ndime zifupizifupi za zinthu za kuno: asodzi akunyamuka usiku ndi nyali kukakopa usipa, momwe likodzo limalowera m'thupi munthu akamasamba m'madzi a nkhono, kubzala mpunga, ulendo wa pa minibasi kuchoka ku Salima kudutsa pa Khombedza mpaka ku Nkhotakota. Zina ndinatenga m'buku la Agriculture la Fomu 1. Ndinazijambula pafoni, iliyonse yosapitirira mphindi imodzi. Ngati Chingerezi chanu simukuchikhulupirira, pemphani mphunzitsi wopuma pantchito kapena mwana amene walemba Fomu 4 akuwerengereni. Ndi bwinonso kukhala ndi mawu a anthu awiri kapena atatu, mwamuna ndi mkazi, kuti khutu lisazolowere munthu mmodzi. Jambulirani m'nyumba m'mamawa, foni italikire pakamwa ngati chikhato chimodzi. Zanga zoyamba ndinajambulira panja ndipo munkangomveka mphepo ndi atambala.

Ndime iliyonse imveredwe katatu, ndipo katatu konseko ntchito yake ndi yosiyana. Ulendo woyamba zolembera pansi, funso ndi limodzi: nkhaniyi ikukamba za chiyani? Mwana ayankhe m'Chichewa ngati akufuna, palibe vuto, chifukwa mukuyeza kumva osati kulankhula. Musanayatse kachiwiri, apatseni mafunso atatu kuti adziwe chomwe akusaka: asodzi anyamuka nthawi yanji, atenga chiyani, abwerera liti. Ulendo wachitatu apatseni pepala lomwe mwawerengalo azilondola ndi chala mawu akumveka. Apa ndi pomwe mudzamve "Aaa, kani amati chonchi!" chifukwa mawu ambiri amawadziwa papepala koma sanawamvepo akutchulidwa. Kumasulira kubwere pamapeto penipeni, ndipo mawu awiri kapena atatu okha amene akanika onse. Mukamva lilime likuyabwa kuti mumasulire pakati, dzigwireni. Kwa ine chimenechi ndicho chinali chovuta kuposa zonse.

Ana awiri aja ndinakawatenga ndekha kwawo. Tsiku loyamba ndinaika ndime ya usipa, ndipo uja ankadzitcha mbuli ndiye anayankha mafunso onse atatu, poti bambo ake ndi msodzi. Atamva "lamps" anadumpha nkunena kuti ndi nyali zija.

Mphindi 30 patsiku zakwana, masiku asanu pa sabata. Mukapitirira apo ana amayamba kuyasamula. Pa mphindi zimenezo patulani khumi za mawu ofanana kamvekedwe. M'Chichewa l ndi r sizisintha tanthauzo la mawu, ndiye khutu lathu silinazolowere kuzisiyanitsa, koma m'Chingerezi "light" si "right", "glass" si "grass", "collect" si "correct". Chimodzimodzinso mavawelo. Ife tili nawo asanu okha, iwo ali nawo ochuluka, choncho "ship" ndi "sheep", kapena "bad", "bed" ndi "bird", mwana amazimva ngati liwu limodzi. Chitani ngati masewera: akamva loyamba akweze dzanja lamanja, akamva lachiwiri lamanzere, maso atatsinzina kuti asaonerane. Manambala musawasiye. "Thirteen" ndi "thirty", "fifteen" ndi "fifty" amagwetsa ana ambiri pa masamu, mwana nkulemba samu yolakwika kuchokera pachiyambi. Muwaonetse kuti pa "thirteen" mawu amakokedwa kumapeto, pomwe pa "thirty" mphamvu ili koyambirira ndipo kumapeto kumangodukiza.

Ndinenepo za mapatitaimu. Nthawi imeneyi kumatuluka anthu olemba pachikwangwani kuti akukonzekeretsa ana za Fomu 1, ndalama yake pamwezi yoti mungagule nayo ndowa ya mpunga. Ena ndi aphunzitsi enieni ndipo amathandiza. Koma musanalipire kakhaleni kumbuyo kwa kalasi tsiku limodzi. Kwina komwe ndinakaona, ana ankangokopera manotsi pabolodi kuyambira m'mawa mpaka masana, wophunzitsayo ali panja pafoni. Mafilimu a m'mavidiyo sho omasuliridwa m'Chichewa aja nawonso musawawerengere, mwana amamvera womasulirayo basi.

Pakatha masabata atatu kapena anayi yambani zolembetsa pakamwa, poti ndi momwe manotsi ambiri akawalandirire. Werengani chiganizo chonse kawiri, osati liwu limodzilimodzi, ndipo munene "comma" ndi "full stop" monga achitira aphunzitsi. Ziganizo zisanu zakwana. Azichongerana okha poyang'ana m'buku. Masipelo musalimbane nawo kwambiri pano, onani ngati wagwira mawu onse.

Kenako wailesi. MBC ndi Zodiak amawerenga nkhani m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo zambiri zimakhala zomwezo. Amvere za Chichewa kaye, kenako za Chingerezi, nkutchula mitu itatu yomwe aizindikira. Njira imeneyi siidya bandulo, ndipo ngakhale magetsi atazima kawailesi ka mabatire kamagwira.

Azungu abwere pomaliza, masabata awiri kapena atatu sukulu isanatsegulidwe. BBC Learning English ili ndi pulogalamu yotchedwa 6 Minute English, ya ulere, yokhala ndi mawu ake olembedwa. Koperani kamodzi pafoni imodzi, enawo mugawane pa Bluetooth kapena pa pulogalamu yotumizirana mafayilo ya Xender, musamamvere pa intaneti mobwerezabwereza. Dulani mphindi ziwiri zokha patsiku, ndipo ngati foni yanu ili ndi pulogalamu yomvetsera mawu ya VLC tsitsani liwiro lifike pa 0.75. Njira yake ndi yomwe ija ya katatu.

Chomaliza, aphunzitseni kupempha. "Excuse me, sir, please say that again." "Madam, how do you spell it?" Aime, anene mokweza, mmodzimmodzi, mpaka manyazi athe. Ine ndinkachita dala kuwerenga mothamanga kuti wina andiimitse, ndipo masiku atatu oyamba palibe anayerekeza. Tsiku lachinayi mwana wa mlongo wanga anakweza dzanja, mawu akunjenjemera, ndipo ndinabwereza pomwepo.

Sukulu ikatsala pang'ono kutsegulira ndiye kuti nthawi yanu yatha, pakhomo pamadzaza za yunifolomu, nsapato ndi makope. Mafayilo aja asiyeni pa memory card, mwana azimvera yekha ndime imodzi akamatsuka mbale madzulo. Yanga ili kwa aneba panopa, mwana wawo ali mu Sitandade 8.