Kuunikira siteji potengera magetsi a pa Dedza boma

Magulu ambiri a zisudzo kuno ku Dedza akalowa m'holo amayatsa machubu onse akudenga, sewero n'kuyamba. Usiku wa m'sewero ndi masana ake osasiyana. Zimandiwawa, chifukwa ana amakhala atavutika kuloweza mawu, chonsecho nzeru ya kuwala ili panja pomwepa, yaulere.

Kukada, valani jekete muyende kuchokera kumsika mpaka pamsewu wa M1. Nyali zenizenizo zisiyeni, inu muziyang'ana nkhope za anthu. Kuwala kukuchokera mbali iti? N'koyera kapena kofiirira? Nanga mdima watsala pati?

Pamalo omwetsera galimoto mafuta kuwala kumakhala koyera mbee, kochokera pamutu penipeni. Maso amalowa m'kati, munthu n'kuoneka wotopa ngakhale wangodya kumene. Gawo la kupolisi kapena la kuchipatala limafuna kuwala kumeneku: babu la LED lolembedwa 6500K (nambala yosonyeza kuti limawala moyera mbee), lopachikidwa pamwamba pa wosewera, ena onse ozima.

Kenako imani pafupi ndi mayi wowotcha chimanga pambaula. Apa ndi pomwe ine ndimakhalitsa. Makala amaunikira chibwano ndi manja, mphumi ili mumdima, ndipo akawerama kukupiza moto nkhope yonse imayaka. Pasiteji tengani babu la 2700K, lowala mofiirira, muliike m'chitini pansi, kutsogolo kwa wosewera. Chithunzithunzi chake chimakwera khoma, chachikulu kuposa mwini wake. Agogo akusimba nthano, banja likukangana pakati pa usiku, zonsezi zimakoma ndi nyali imodzi yomweyi. Musaonjezere ina poopa kuti kwada. Oonera amatchera khutu kwambiri pakakhala kamdima.

Mu June ndi July chifunga chikatsika m'phiri, onani mathiraki opita kumalire a Mozambique. Munthu akadutsa kutsogolo kwa nyali zake, nkhope sioneka, thupi lokha lakuda bii. Ikani tochi yamphamvu kumbuyo kwa chinsalu choyera, wosewera adutse pakati pa tochiyo ndi chinsalu. Wakuba kapena mzimu walowa basi. Zofukiza utsi m'holo ayi, anthu amangotsokomola.

Zipangizo zake n'zosavuta. Zitini zazikulu za mkaka zimathandiza kuti kuwala kuloze malo amodzi. Gwiritsani ntchito mababu a LED okha, chifukwa akale aja a mawati 100 amatentha mpaka kusungunula pulasitiki yamtundu yomwe mwaphimbira kukamwa kwa chitini. Nyali iliyonse ikhale ndi swichi yake. Mawaya alumikize munthu wodziwa zamagetsi, poti chitini n'chitsulo ndipo pasiteji pamayenda ana opanda nsapato. Nyali ziwiri zasola zikhale zotchajidwa kale, magetsi akathima sewero lisaime.

Pomwe mawu ndi nkhope ziyenera kumveka bwino, pachikani nyali ziwiri kutsogolo, ina kumanja ina kumanzere, zoweramira pansi ngati madigiri 45, ina yofiirira ina yoyera. Mtundu wa buluu pa nyali, buluu yekha musamudalire posonyeza usiku, amameza nkhope za khungu lathuli. Muikeni pakhoma lakumbuyo, kumaso kukhale kakuwala kofiirira pang'ono.

Poyeserera komaliza, kakhaleni pabenchi yakumbuyo kwenikweni usiku. Ngati maso a wosewera sakuoneka kuchokera pamenepo, tsitsirani m'munsi nyali yakutsogolo pang'onopang'ono mpaka muwaone.