Kukonza sewero la m'komboni lokamba za lamulo la kuchotsa mimba

Anthu ambiri m'makomboni a mu Lusaka monga Chawama, Kanyama ndi Matero amakhulupirira kuti kuchotsa mimba n'koletsedwa kotheratu m'Zambia, ndipo chifukwa cha zimenezi atsikana amakamwa mankhwala mobisa n'kufika kuchipatala mochedwa. Gulu la zisudzo lofuna kusintha maganizo amenewa liyambe lawerenga lamulo lenilenilo. Gawo 12 la malamulo oyendetsera dziko limateteza moyo wa mwana wosabadwa, koma limalola kuti mimba ichotsedwe motsatira lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo. Lamulolo ndi la 1972, ndipo limafuna kuti madokotala atatu avomereze kuti mimbayo ikuika pangozi moyo kapena thanzi la mayi, thanzi la ana amene ali nawo kale, kapena kuti mwanayo adzabadwa ndi chilema chachikulu. Ochita sewero aloweze mfundo zimenezi pamtima.

Nkhaniyo muitole kwa anthu, kwa alangizi, anamwino ndi amayi a pamsika, koma mayina muwasinthe. Ndikupemphani kwambiri kuti musapange m'busa kapena azakhali kukhala anthu oipa. Dziko lino linalengezedwa kukhala lachikhristu mu 1991, ndipo woonerera akaona chikhulupiriro chake chikunyozedwa amanyamuka n'kupita. M'busayo apatsidwe mawu amphamvu ofanana ndi a namwino.

Seweroli lisafike kumapeto. Mtsikana wogwiriridwa akaima pakhomo la sing'anga, wotsogolera aombe m'manja, aimitse zonse, ndipo afunse kuti, "Amayi, akanakhala mwana wanu mukanatani? Bwerani mutionetse." Njira imeneyi inatchuka ndi Augusto Boal wa ku Brazil, ndipo mphamvu yake ili pakuti munthu amene walowa m'bwalo n'kulankhula monga mayi wa mtsikanayo sabwerera pampando ali ndi maganizo onse amene anabwera nawo. Anthu akayamba kutsutsana, musawaletse msanga.

Apa mpamene wotsogolera angakumbutse za referendamu ya pa 11 August 2016 yofuna kusintha gawo la maufulu a anthu m'malamulo oyendetsera dziko, imene inali ndi mawu akuti moyo wa munthu umayamba mayi akangotenga pakati, ndipo inalephera chifukwa mavoti sanakwane. Afunse oonerera ngati anadziwa chimene ankavotera tsiku limenelo.

Chitirani seweroli pabwalo, m'chinenero cha anthu, monga ankachitira ophunzira a gulu la zisudzo la Chikwakwa a pa yunivesite ya Zambia (UNZA). Dziwitsani khansala ndi apolisi nthawi ikadalipo, ndipo namwino akhale chapatali pang'ono ndi khamu, kuti amene akuchita manyazi amufikire payekha.