Ophunzira odzipereka, lekani kuthawa ntchito ili pakati

Monga mlangizi wa zaulimi, chaka chino ndalandira ophunzira a ku yunivesite ambiri kuposa kale, onse ati akufuna kugwira ntchito yongodzipereka pamodzi ndi alimi. Ndinakondwa. Koma mbewu zisanafike m'mawondo, ambiri anali atazimiririka. Ukawaimbira foni yankho ndi limodzi: mayeso ayandikira. Kodi mayesowo anakugwerani mwadzidzidzi? Kalendala ya sukulu munali nayo m'manja tsiku lomwe munkalembetsa.

Pomwe pagona vuto ndapaona. Wophunzira amakhala phee mpaka chaka chomaliza, kenako mnzake amunong'oneza kuti olemba ntchito amafuna munthu amene anagwirapo kenakake. Basi chipwirikiti, kulembetsa malo atatu nthawi imodzi kuti CV inenepe. Tsiku lodzala afika, nsapato zili mbuu, foni m'manja, chithunzi chijambulidwe chikakwere pa Facebook. Kwa iye ntchito yathera pomwepo, chatsala ndi kudzatenga kalata yaumboni. Khalidwe limeneli landikwana, chifukwa amene amalipira mtengo wake ndi mlimi amene sanalakwe kanthu.

Munda wachitsanzo umafuna maso sabata iliyonse. Sukulu za alimi za m'munda, zomwe FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, linayambitsa ku Indonesia mu 1989, maziko ake ndi omwewo: gulu limakumana m'munda mlungu ndi mlungu kuyambira podzala mpaka pokolola, kuyang'ana mbewu, kuwerenga tizilombo, kulemba, kenako kugwirizana chochita. Mukadumpha pakatipo, zomwe mwalemba kumayambiriro zilibenso ntchito. Tengani ntchembere zandonda, mbozi zowononga chimanga zomwe zinapezeka mu Africa koyamba mu 2016. Mazira ake amaswa m'masiku ochepa chabe, ndipo mbozi ikadali yaing'ono ndi pamene imagonjetseka. Mukasowa masabata awiri, mudzaipeza yakula, yabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga, masamba ali mabowo okhaokha. Wophunzira amene analonjeza kuti kuyendera munda ndi kwake ali m'laibulale, ndipo alimi sanayendere chifukwa ankadziwa kuti ntchitoyo ili ndi mwini wake.

Mayi wina wachikulire anapereka chigawo cha munda wake kuti gulu liyerekezerepo manyowa ndi feteleza. Mnyamata wophunzira anayeza bwinobwino, nakhoma zikhomo, nalembapo T1, T2, T3. Tanthauzo la zilembozo linali m'kope lake lokha. Nditapita kukaona, mayiwo ananditengera pa mizere ina yobiriwira bwino, pambali pake pali ina yachikasu, yopinimbira. Anagwira chikhomo chimodzi, inki itasuluka ndi mvula, nati: "Alangizi, mwana wanu uja anapita ndi munda wanga m'chikwama. Apa pachita bwino, koma tinathirapo chiyani? Chaka chamawa nditsanzire ziti?" Ndinati, "Amayi, pepani, ndimufunafuna." Ndinamupeza patapita mwezi, kope litatayika. Nyengo yonse inapita pachabe. Chondipweteka kwambiri n'chakuti mayiwo anena kale kuti ana asukulu asadzapondenso m'munda mwawo, ndipo anzawo a m'gulu amva.

Wophunzirayo nayenso waluza, ngakhale sakudziwa. Zomwe kudzipereka kumaphunzitsa zili pakati pomwe iye wathawapo: tsiku limene alimi abwera atatu okha, tsiku limene zimene unawerenga m'buku zakana m'munda, tsiku limene bambo wachikulire wakutsutsa pagulu ndipo uyenera kumuyankha mwaulemu popanda kubisala m'mawu a Chingerezi. Amene wapirira nyengo yathunthu amabwerera m'kalasi mutu utatseguka, ndipo akafuna mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza sasowa, mafunso anawatola kwa alimi. Pofunsidwa mafunso a ntchito amakhala ndi nkhani yeniyeni yofotokoza. Uyu wa chithunzi akangofunsidwa kuti zokolola zinatuluka bwanji, kukamwa kumauma. Za kalata yaumboni ndinene poyera: ine ndimalemba zimene ndinaona. Ngati ndinakuonani kawiri, ndilemba kawiri. Pa 5 Disembala, tsiku limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 1985 lokumbukira anthu odzipereka, mudzavala malaya a chikondwererocho, koma kalata yanga sisintha.

Zoti muchite n'zosavuta. Yambani m'chaka choyamba kapena chachiwiri, ntchito ya sukulu isanakule. Sankhani malo amodzi. Musanalonjeze, ikani kalendala ya mayeso pambali pa kalendala ya ntchitoyo, masabata amene awombana muwanene tsiku loyamba lomwelo. Theka la tsiku pa sabata, losaphonya, n'lokwanira. Lowani awiriawiri kuti wina akatanganidwa mnzake apite. Kope likhale kwa mlembi wa gulu, inu muzingojambula masamba ake pa foni, ndipo pa zikhomo lembani mawu amene mwini munda angawerenge yekha. Zikakuvutani ndithu, bwerani mudzatsanzike pamaso pa gulu, mupereke ntchito m'manja mwa munthu wina, mutchule ndi dzina lake.